PhD ya chitetezo cha m'thupi si zamanyado, tikuifuna olo panado akusowa

Chiyambireni pomwe boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lakunja mu Januwale 2025, nkhani ya ndalama za umoyo ili pakamwa pa aliyense, ndipo kuno ku Ntcheu yalowa mpaka m'magulu a WhatsApp a ife amene tinaphunzira limodzi ku sekondale. Funso lomwe likumabwerabwera ndi lakuti, kodi dziko losauka ngati lathuli likufunanji pomaphunzitsa anthu PhD ya zinthu ngati molecular immunology, sayansi yozama ya chitetezo cha m'thupi, munthu wamkuluwamkulu kutha zaka zinayi mu labu akusuzumira timaselo tosaoneka ndi maso, pomwe kuchipatala wodwala akuuzidwa kuti akagule yekha mankhwala ku famase? Ine ndinena mbali yanga pompano kuti tisavutane kutsogoloku: anthu amenewa tikuwafuna, tikuwafuna ambiri kuposa amene tili nawo, ndipo aziphunzira konkuno pa magazi ndi matenda a konkuno. Amene akutsutsawo si opusa ayi, ena ndi anesi amene akuona mavutowa tsiku ndi tsiku, nde ndiyesetsa kuwayankha mwaulemu mfundo ndi mfundo.

Koma tiyambe tagwirizana kaye kuti munthu wa PhD imeneyi amapanga chani, chifukwa ambiri akutsutsa chinthu chomwe sanachionepo. Tonse timadziwa za asilikali a m'thupi, nkhani ya HIV inatiphunzitsa mpaka agogo kumudzi amadziwa kuti CD4 ikatsika zinthu sizili bwino. Wa immunology amafunsa mozama kuposa pamenepo: msilikaliyo amamuzindikira bwanji mdani, chifukwa chani nthawi zina amamuiwala, nanga bwanji nthawi zina amamenya mopyola muyeso mpaka kuvulaza mwini thupi. Pali ma B cell amene amapanga ma antibody, timapuloteni tomamatira pa mdani kuti agonjetsedwe, pali ma T cell amene ena amapha maselo ogwidwa ndi kachilombo ena amalamulira anzawo, ndipo onsewa amatumizirana mauthenga ndi timapuloteni totchedwa cytokine. Tengani malungo. Kachilombo ka malungo kakalowa mu selo yofiira ya magazi kamaika puloteni yake kunja kwa seloyo, ndipo kali ndi ma gene (malangizo a chibadwa) pafupifupi 60 opangira puloteni imeneyi mosiyanasiyana, nde thupi likangoti laizolowera iyi iko kasinthira ina. Nchifukwa chake mwana wa ku Bwanje kapena ku Golomoti amadwala malungo kambirimbiri thupi lake lisanaphunzire kudziteteza, ndiponso nchifukwa chake mayi wa mimba yoyamba malungo amamuvuta kwambiri, poti pali mtundu wina wa puloteniyi umene umakakamira ku nsengwa ndipo thupi lake silinakumanepo nawo. Fansida amene amayi amalandira ku sikelo uja ali ndi nkhani yaitali ya mu labu kumbuyo kwake.

Maphunziro ake si okhala mkalasi kumakopera manotsi. Munthu amakhala atamaliza digiri yoyamba, kawirikawiri ndi masitazi yomwe, kenako amasankha funso limodzi lomwe palibe amene analiyankhapo, amalemba dongosolo la kafukufuku, komiti yoona za ufulu wa anthu olowa mkafukufuku imaliunika, nkuyamba zaka zitatu kapena zinayi za kutenga magazi, kulekanitsa maselo, kuwasunga mu firiji yozizira mpaka madigiri -80, kuwawerenga pa makina owerengera maselo a flow cytometry, kupanga mayeso a mu labu otchedwa PCR ndi ELISA, kulephera, kuyambiranso, kulephera kenanso, mpaka zotsatira zimveke. Pamapeto amalemba buku lake nkukaliteteza pamaso pa akatswiri amene ntchito yawo tsiku limenelo ndi kumupezera zolakwa. Chomwe dziko limapindula si bukulo kwenikweni, ndi munthu amene waphunzira kusakhulupirira zotsatira zake zomwe mpaka atazitsimikiza, ndipo angathe kuyendetsa labu payekha.

Tsopano mfundo yoyamba ya otsutsa, yomwenso ndi yamphamvu kuposa zonse: odwala akugona pansi, anesi ndi ochepa, ambulansi ilibe mafuta, nde ndalama iliyonse ipite kumeneko, za PhD tidzaziona tikadzalemera. Kusowako ndi zoona ndipo sindingakutsutse. Koma choyamba, ndalama zambiri zomwe zimaphunzitsa ma PhD a sayansi ya umoyo kuno sizichokera mu bajeti ya mankhwala ya unduna, zimachokera ku mabungwe othandiza kafukufuku ngati Wellcome ya ku Britain ndi NIH ya ku America, ndipo tikazikana sizisanduka panado, zimangopita ku Kenya kapena ku Uganda komwe azilandira ndi manja awiri. Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, mankhwala ndi katemera amene tikulilirawo sagwira ntchito mofanana paliponse. Mlimi aliyense wa kachewere ku Tsangano amadziwa kuti mbewu yomwe imabereka bwino kumtunda kozizira kuja ukaitsitsira ku dambo la Bwanje ikuchititsa manyazi, osati poti mbewuyo ndi yabodza koma nthaka ndi nyengo ndi zina. Matupi ndi chimodzimodzi.

Umboni wake uli konkuno. Katemera wa rotavirus, woteteza ana ku kutsegula m'mimba koopsa, ku Ulaya anateteza ana opitirira 90 pa 100 alionse ku matenda aakulu. Atamuyesa ku South Africa ndi ku Malawi, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2010 zinaonetsa pafupifupi 77 pa 100 ku South Africa, koma kuno 49 pa 100 yokha. Katemera yemweyo, kampani yomweyo. Musandimve molakwa, katemerayu ndi wabwino ndipo boma linachita bwino kumuyambitsa mu 2012, poti kuno matendawa ndi ochuluka moti olo theka lokhalo linapulumutsa ana ambiri kuposa ku South Africa komwe peresenti inali yokwera. Koma theka linalo latsalira kuti? Ofufuza akuganizira zinthu zingapo, ma antibody amene mwana amalandira kwa mayi ake, kunyentchera, matumbo amene amakhala otupa chifukwa cha tizilombo tambiri ta m'madzi ndi m'zakudya, ngakhalenso katemera wa poliyo wodonthezera mkamwa amene amaperekedwa nthawi imodzi. Limeneli ndi funso la immunology lenileni, ndipo mayi wa ku London silimukhudza chifukwa mwana wake katemera anamugwira kale. Chitsanzo china ndi BCG, uja amatisiyira chipsera paphewa. Ku Britain anaonetsa kuteteza pafupifupi 80 pa 100 ku TB, koma kafukufuku wamkulu wa ku Karonga, wa anthu opitirira 120,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1996, anapeza kuti BCG amateteza ndithu ku khate koma TB ya m'mapapo osaiteteza. Timamuperekabe poti amathandiza makanda ku TB yoopsa ngati ya muubongo, koma akuluakulu amene akukhosomola m'mawodi athu akudikirabe katemera wina. Ndiye wina akamati tisiye kufufuza tingogula mankhwala, ine ndimafunsa kuti tigula ati, ndipo atiuza ndani kuti akugwira?

Izi zikutifikitsa pa mfundo yachiwiri ya anzathuwa, yakuti azungu ali ndi ndalama ndi makina, asiyeni azifufuza ife tizingolandira zomwe apeza, bwanji kulimbana ndi zomwe sitingazithe. Mfundoyi ikanakhala yomveka zikanakhala kuti amene ali ndi ndalamayo amafunsa mafunso athu, koma aliyense amayamba wafufuza chomwe chikupha ana ake. Pali mtundu wa salmonella umene ku Ulaya umangotsegula munthu m'mimba masiku angapo nkuchira, koma kuno umalowa m'magazi nkupha ana aang'ono ndi akuluakulu amene ali ndi HIV. Ntchito yaikulu yomvetsa chifukwa chake inachitikira ku Blantyre, pa magazi a ana a ku Queens, ndipo anapeza kuti ana amakhala pachiopsezo kwambiri pa msinkhu umene ma antibody ochokera kwa mayi atha koma awoawo sanayambe kupangika. Kudziwa zimenezo ndi komwe kumauza opanga katemera kuti alunjike pati. Komanso za kungolandirazi tinaziona nthawi ya Covid, maiko olemera anayamba adzigulira okha katemera, ife tinadikira pamzere, ndipo wina amene anabwera anafika atatsala pang'ono kutha mphamvu moti mu Meyi 2021 boma linawotcha madozi 19,610 a AstraZeneca poyera. Africa imagula kunja pafupifupi katemera yense amene imagwiritsa ntchito, nchifukwa chake Africa CDC, bungwe la African Union loona za matenda, inaika cholinga choti pofika 2040 tizipanga tokha 60 pa 100. Fakitale ya katemera mutha kuimanga ndi ngongole, koma anthu oti akayese ngati katemerayo akudzutsadi chitetezo m'thupi simungawagule pa shopu, amatenga zaka khumi kuwaphunzitsa kuchokera pa digiri yoyamba. Ndipo tisaiwale kuti Omicron, mtundu uja wa kachilombo ka Covid, anayamba kuizindikira ndi asayansi a ku Botswana ndi South Africa mu Novembala 2021, mmalabu a kwawo, osadikira kuti wina abwere pandege.

Ena amati Malawi ndi wamng'ono kwambiri pa zinthu zimenezi. Apa nde ndimangoseka, poti dziko lapansi limatidziwa pa kafukufuku wa umoyo kuposa mmene timadzidziwira eni akefe. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana wa malungo a muubongo imatchedwa Blantyre Coma Score ndipo imagwiritsidwa ntchito maiko ambiri. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene anayesedwanso ku Lilongwe, Malawi ndi amene anayamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya nkutsatira, WHO nkudzamuvomereza mu 2021. Katemera watsopano wa taifodi anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, anateteza pafupifupi 80 pa 100, ndipo mu 2023 anaperekedwa dziko lonse kuphatikizapo ana athu kuno. Mabungwe a kafukufuku alipo, Malawi-Liverpool-Wellcome ilipo ku Blantyre kuyambira 1995, UNC Project ili ku Lilongwe, ndipo yunivesite yathu ya zaumoyo ya KUHeS ikuphunzitsa mpaka PhD. Choncho funso si lakuti kodi kafukufuku azichitika kuno, akuchitika kale ndipo apitirira olo ife titakana. Funso ndi lakuti Mmalawi azikhala wogwira mwana pomubaya jakisoni basi, kapena azikhalanso amene akuganiza funso, kuwerenga zotsatira ndi kusaina dzina lake poyamba. RTS,S yemweyo amafuna madozi anayi, amachepetsa malungo pafupifupi 4 mwa 10 ndipo mphamvu yake imatsika pakapita nthawi, ntchito yomuposa ikadalipo yambiri.

Mfundo yachitatu imandipweteka chifukwa ili ndi choonadi chambiri: tiwaphunzitsa, akamaliza athawira kunja, tatayanso. Inde ena amapitadi, ndipo sindingamuweruze munthu amene wamaliza PhD nkupeza kuti kwawo kulibe labu yomulemba ntchito pomwe ku Liverpool kapena ku Cape Town akumuitana. Koma taonani mbiri ya madokotala athu. Isanatsegulidwe College of Medicine mu 1991 onse ankakaphunzira kunja ndipo ambiri sankabwerera, mpaka kunabadwa nthabwala ija yoti madokotala a ku Malawi achuluka ku Manchester kuposa kuno. Dziko silinanene kuti basi tisiye kuphunzitsa madokotala, linamanga sukulu yake, ndipo lero madokotala amene timawapeza mzipatala za mmaboma ambiri anaphunzira konkuno. Munthu amene waphunzira kwawo, wakwatira kapena kukwatiwa kwawo, ana ake ali pasukulu kwawo, funso la kafukufuku wake lili mmagazi a anthu a kwawo, sachoka msanga. Nde mankhwala a kuthawa ndi kuphunzitsira kuno, kunja azingopita miyezi ingapo kukaphunzira makina amene tilibe, komanso kukonza poti akagwire akamaliza. Pamenepa ndi pomwe timagwa kwambiri, timasangalala pa tsiku la gawuni, tijambulitsa, nkumusiya munthu akuphunzitsa makalasi a ana mazanamazana opanda olo tambala yofufuzira, pakatha zaka zitatu luso lija lachita dzimbiri.

Palinso nkhani ya magazi, yomwe mtauni anthu amaiseka koma kumudzi si yoseketsa. Anthu amafunsa kuti magazi amene mumatenga ana athuwa mumapita nawo kuti, ndipo tonse tikukumbuka 2017 pomwe mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu osalakwa. Mphekeserazo zinali zabodza, koma funso loti magazi akupita kuti ndi labwinobwino ndipo munthu ali ndi ufulu kulifunsa. Yankho loona ndi lakuti kwa zaka zambiri ena amayezedwa kuno ena amatumizidwadi kunja ndi chilolezo cha makomiti, chifukwa makina kapena odziwa kuwagwiritsa ntchito kunalibe. Olo poliyo atapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, zoti kachilomboko nkogwirizana ndi ka ku Pakistan zinatsimikizidwa mmalabu a kunja. Ndiye ngati simukufuna magazi azikwera ndege, njira yake ndi yomwe ndikunenayi, phunzitsani ana anu kuwayeza konkuno. Ndiponso zimasiyana kwambiri pamene wofotokozera a mfumu ndi amayi pa bwalo ndi mwana wa Chingoni mnzawo amene angathe kunena mChichewa chomveka kuti titenga kasupuni kamodzi, tikayang'ana chakutichakuti, zotsatira tidzabwera nazo, kusiyana ndi mlendo woyankhula kudzera mwa womasulira.

Pali kutsutsa kwina komwe sikuchokera kwa anthu wamba koma kwa ophunzira eni ake, ndipo kumeneku ndikugwirizana nako pafupifupi konse. Amati PhD zina za kuno ndi dzina chabe, funso linaganiziridwa kale ndi pulofesa wa kunja, ndalama ndi zake, wophunzira wathu ntchito yake ndi kutolera ma sampulo ndi kuwalongedza, zozama zonse zikachitikira kwina, iye nkupatsidwa digiri ngati zikomo. Zoterezi zikachitika ndi zolakwika ndipo sizomwe ndikuikira kumbuyo. Koma yankho lake silingakhale kutseka maphunzirowo, yankho ndi kuika malamulo olimba: wophunzira akhale ndi supavaiza wa kuno amene alidi ndi mawu, kuyeza kwakukulu kuzichitikira mu labu ya kuno pokhapokha zitakanikiratu, akapita kunja apite ndi ma sampulo akewo akayeze ndi manja ake, ndipo makina ogulidwa pa pulojekiti azitsala. Amene angakakamize zimenezi pa tebulo la zokambirana ndi Amalawi amene ali kale ndi PhD ndipo akudziwa mtengo wa chilichonse, nde mukuona kuti tabwerera pomwe paja, tikachepetsa anthuwa ndi pomwe tizingopatsidwa zotsala.

Chomwe ndingawonjezere ndi chakuti boma nalo lisamangoombera mmanja ndalama za ena. Zomwe zachitika ndi thandizo la America zationetsa kuti mwini ndalama akhoza kudzuka tsiku limodzi nkutseka mpopi. Sindikunena kuti Treasury ipikisane ndi Wellcome, sizingatheke, koma pali zinthu zomwe sizifuna mabiliyoni ambiri. Mankhwala a mu labu pafupifupi onse amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kugula chilichonse kunja kunasanduka nkhondo, pomwe ma antibody oyezera amafunika kufika ali ozizira, akakhala masabata pa bwalo la ndege kudikira mapepala afika atafa. Firiji ya -80 ikazima tsiku limodzi jenereta ilibe dizilo, ntchito ya munthu ya zaka ziwiri yasungunuka. Kupereka foreksi mwachangu ku malabu, kufulumizitsa katundu wa kafukufuku pa kasitomu, kulipira malo ochepa chaka chilichonse a omaliza PhD kudzera ku National Commission for Science and Technology kuti apitirize kufufuza, zimenezi boma lingathe. Maiko a mu African Union analonjezana kale zoika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, ife lonjezo limenelo tikadali nalo kutali.

Ndipo kwa ife a ku Ntcheu ndi Dedza pali mbali ina yomwe mkanganowu ukuidumpha. PhD siyambira ku yunivesite, imayambira Fomu 1. Mwana wa pa CDSS ya kumudzi amene bayoloje ndi kemisitiri waphunzira pa bolodi, maikulosikopu anangoiona pa chithunzi cha m'buku, akupikisana pa MSCE ndi mnzake wa sukulu yokhala ndi labu yodzaza, nde mukaona mndandanda wa opita ku KUHeS musadabwe kuti akuchokera kuti. Tikapanda kukonza pamenepo, ma PhD tikuwanenawa adzakhala a ana a mtauni okhaokha ndipo anthu akumudzi adzakhala ndi chifukwa chomveka chowaonera ngati zamanyado. Dera la phungu aliyense limakhala ndi CDF, ndipo timaiona ikupita ku milatho ndi midadada ya makalasi, zomwe ndi zabwino, koma pa msonkhano wotsatira wa ADC, komiti ya chitukuko cha mdera, wina adzaimirire afunse kuti mwa ma CDSS a mdera lathu ndi angati ali ndi labu yogwira ntchito, yokhala ndi madzi, maikulosikopu ndi mphunzitsi wa sayansi amene anaphunziradi sayansi, ndipo a phungu ayankhe ndi nambala.